Kabowo katsopano pa tabuleti: adzalipira ndani?

Chaka chilichonse, kukatsala miyezi yochepa kuti makampani monga Apple, Samsung ndi Lenovo atulutse matabuleti atsopano, pa intaneti pamadzaza mphekesera, ndipo imodzi mwa nkhani zimene sizilephera kubwera ndi ya kabowo kolowetsa chingwe, kamene amisiri okonza mafoni amangokatchula kuti charging port. Ena amati tabuleti ikubwerayo idzakhala ndi timabowo tiwiri, ena amati idzakhala ndi timaginito tolumikizira kumbuyo, ndipo ena amafika ponena kuti sidzakhalanso ndi kabowo kalikonse chifukwa moto ndi mafayilo zizidzalowa popanda chingwe. Nkhani zimenezi zimalembedwa mwachimwemwe, ngati kuti chilichonse chatsopano ndi mphatso kwa wogula. Ine sindigwirizana ndi chimwemwe chimenechi. Ndatsatira nkhani zotere kuyambira pamene iPad yoyamba inatuluka mu 2010, ndipo chimene ndaona n'chakuti kusintha maonekedwe a kabowo kumadyera ndalama anthu amene amasunga zipangizo zawo zaka zambiri, pamene mavuto enieni a kabowo kamene tili nako kale sakambidwa n'komwe.

Choyamba tiyenera kudziwa kumene mphekeserazi zimachokera, chifukwa si zonse zimene ndi bodza la mkunkhuniza. Zambiri zimatuluka m'mafakitale a ku China amene amapanga zikwama ndi zovindikira za matabuleti, omwe amafuna kuti katundu wawo akhale ali kale m'sitolo tsiku limene tabuletiyo ituluke, choncho amaumba zovindikirazo potengera miyezo imene aitola mwamseri kapenanso kungoyerekeza. Kumapeto kwa 2010 ndi kumayambiriro kwa 2011 zithunzi za zovindikira zoterezi zinachititsa olemba ambiri kunena motsimikiza kuti iPad yachiwiri idzakhala ndi polowetsa memori khadi ya SD ndiponso kabowo kena kowonjezera. Itatuluka mu Malichi 2011 inalibe chilichonse mwa zimenezi. Panalinso mphekesera yakuti iPad idzakhala ndi timabowo tiwiri, kena pansi kena m'mbali, ndipo imeneyi inali ndi maziko ndithu, pakuti mu 2012 iPad yoyeserera yokhala ndi timabowo tiwiri inagulitsidwa pa msika wa pa intaneti wa eBay pa mtengo woposa madola 10,000. Kampani inaiyesadi nzeruyo, koma inaisiya m'chipinda choyesera. Ngakhale katswiri wodziwika wa zolosera zimenezi, Ming-Chi Kuo, amene ananena zoona mu 2018 kuti iPad Pro isamukira ku USB-C, mtundu wa kabowo umene uli pa mafoni ambiri lero, analoseranso mu 2019 kuti pofika 2021 kudzatuluka iPhone yopanda kabowo kalikonse, ndipo chakacho chinadutsa popanda foni yotero. Munthu amene akuchedwetsa kugula chipangizo chogwirira ntchito poyembekeza zimene wawerenga m'nkhani zoterezi akudikira chinthu chimene mwina eni kampani anachitaya kale.

Komabe chimene chimandivuta kwambiri si kulakwitsa kwa olosera ayi, koma zimene zimachitika akalosera molondola. Chaka cha 2012 chimatiphunzitsa bwino. Apple inali itagwiritsa ntchito kabowo kotambalala ka mapini 30 kuyambira pa iPod ya mu 2003, ndipo pa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo kunapangidwa masipika, mawayilesi a m'galimoto, matchaja ndi zoikapo zosawerengeka zotengera kabowo kameneko. Mu Malichi 2012 anthu anagula iPad yachitatu ili ndi kabowo kakale komweko. Mu Seputembala kunatuluka iPhone 5 yokhala ndi kabowo katsopano ka mapini 8 kotchedwa Lightning, ndipo mu Okutobala, patangotha miyezi isanu ndi iwiri chitulukireni iPad yachitatu ija, kunalengezedwa iPad yachinayi ndi iPad mini, zonse za Lightning. Amene ankafuna kupitiriza kugwiritsa ntchito sipika yake yakale anayenera kugula adaputa ya madola 29. Sindikukana kuti Lightning inali yabwino kuposa inzake yakale. Inali yaying'ono, yolimba, ndipo inkalowa mbali iliyonse imene munthu waitembenuzira, chinthu chimene micro-USB ya pa matabuleti a Android sinkatha. Koma ubwino umenewo unalipiridwa ndi ogula, ndipo popeza Lightning inali ya kampani imodzi, aliyense wofuna kupanga chingwe chovomerezeka ankayenera kulowa mu ndondomeko ya chilolezo ya Apple yotchedwa MFi, mtengo wake n'kugwera wogula yemweyo.

Kusamuka kwachiwiri kunali kwapang'onopang'ono ndipo kunasokoneza anthu m'njira ina. iPad Pro inalandira USB-C mu Okutobala 2018, iPad Air mu 2020, iPad mini mu 2021, ndipo iPad wamba mu 2022, pamene iPad yachisanu ndi chinayi, yomaliza ya Lightning, inapitiriza kugulitsidwa mpaka Meyi 2024. Kwa zaka zoposa zisanu banja limodzi la matabuleti linali ndi timabowo tiwiri tosagwirizana. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi cha iPad yachikhumi ya mu 2022, imene inali ya USB-C koma cholembera chimene chinkagwira nayo ntchito, Apple Pencil yoyamba, chinali cha Lightning, kotero kuti mwana wa sukulu wofuna kutchaja cholembera chake anafunika chingwe komanso kaadaputa kena ka madola 9 kosavuta kutaya. Makampani a Android nawonso sangadziyeretse pa nkhaniyi. Galaxy Tab yoyamba ya Samsung ya mu 2010 inali ndi kabowo kakekake ka mapini 30, kofanana kwambiri ndi ka Apple pokaona koma kosagwirizana nako, ndipo anthu ambiri anagula zingwe zolakwika chifukwa cha kufananako.

Chimene chinathetsa chipwirikiti chimenechi ndi lamulo, osati kukoma mtima kwa makampani. Mu 2009 bungwe la European Commission linagwirizana ndi opanga mafoni kuti mwa kufuna kwawo achepetse mitundu ya matchaja, ndipo mitunduyo inatsikadi kuchoka pa 30 kufika pa itatu, koma sinafike pa mtundu umodzi. Pa 4 Okutobala 2022 nyumba ya malamulo ya mayiko a ku Ulaya inavota, aphungu 602 kuvomereza ndipo 13 okha kukana, kuti mafoni, matabuleti, makamera, mahedifoni ndi zipangizo zina zing'onozing'ono zotchajidwa ndi chingwe zizikhala ndi USB-C. Lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 28 Disembala 2024, ndipo malaputopu anapatsidwa mpaka 28 Epulo 2026. Bungwelo linawerengera kuti matchaja otayidwa ndi osagwiritsidwa ntchito amafika matani 11,000 pa chaka, ndipo kuti ogula angapulumutse mayuro pafupifupi 250 miliyoni chaka chilichonse. Popeza palibe kampani imene ingafune kupanga tabuleti ina ya ku Ulaya ndi ina ya mayiko otsala, lamulo limeneli latipindulira ngakhale ife amene sitinavote nawo, ndipo lero chingwe chimodzi chikutha kutchaja foni ya bambo, tabuleti ya mwana ndi kasipika ka m'nyumba.

Otsutsa lamuloli, kuphatikizapo Apple yomwe isanagonje, ankanena kuti kukakamiza kabowo kamodzi kudzapha luso lopanga zatsopano. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuiyankha mwaulemu, chifukwa n'zoona kuti lamulo likanakhazikitsa micro-USB mu 2009 tikanamangidwa ku kabowo kofooka. Koma USB-C ndi yosiyana. Kuyambira pamene miyezo yake inasindikizidwa mu Ogasiti 2014, maonekedwe ake a mapini 24 sanasinthe, pamene zodutsa m'kati mwake zakhala zikukula chaka ndi chaka. Kabowo komweko kamene kananyamula ma megabit 480 pa sekondi pa tabuleti ya Nokia N1 kananyamula ma gigabit 40 (gigabit imodzi ndi ma megabit 1,000) pa iPad Pro ya mu 2021, ndipo miyezo yatsopano ya USB4 imene inalengezedwa mu 2022 imafika pa ma gigabit 80. Kumbali ya moto, miyezo ya mu 2021 imalola mawati 240, pamene matabuleti ambiri amakhuta ndi mawati 20 mpaka 45. Ndiye ngati wina akunena kuti tabuleti ya chaka chamawa ikufunika kabowo ka maonekedwe ena, atiuze kaye ntchito imene tabuleti ingagwire yomwe kabowo ka lero kakulephera kuinyamula. Ine sindinaimvepo.

Vuto lenileni, limene olemba mphekesera salilabadira, n'lakuti timabowo tiwiri tofanana ndendende kunja tingakhale tosiyana kotheratu m'kati. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mawu amenewa akukwanira bwino pa USB-C ya pa matabuleti ambiri. iPad yachikhumi ija ili ndi kabowo kooneka chimodzimodzi ndi ka iPad Pro, koma liwiro lake ndi la USB 2.0, miyezo ya mu 2000, lomwe ndi lochepa kuwirikiza ka 80 poyerekeza ndi la inzakeyo. Vidiyo ya ma gigabyte 10 imene ingasamuke m'masekondi ochepa pa tabuleti ina imatenga mphindi zinayi kapena zisanu pa inayo. Matabuleti ambiri otsika mtengo a Android sangathe n'komwe kutumiza chithunzi ku TV kapena ku pulojekita kudzera pa kabowoko, chifukwa opanga sanaikemo mbali yotchedwa DisplayPort, ndipo pa katoni salembapo kuti mulibe.

Ndinaona ndi maso zotsatira zake pa mlamu wanga amene amaphunzitsa ku sekondale. Mbale wake wa ku Johannesburg anamutumizira tabuleti yatsopano, ndipo iye anasangalala poganiza kuti tsopano aziwonetsa ana zithunzi za maselo ndi mapu pa khoma la kalasi. Anasunga ndalama miyezi iwiri n'kugula adaputa yochokera ku USB-C kupita ku HDMI, kabowo kamene pulojekita imalandirira chithunzi. Tsiku loyesa, ana atakhala kale chete, anatseka mawindo ndi nsalu, analumikiza zonse, koma pa khoma panangooneka buluu. Anabweza adaputayo kusitolo poganiza kuti ndi yakufa, wogulitsa anaiyesa pa laputopu yake ndipo inagwira ntchito nthawi yomweyo. Panalibe chakufa chilichonse. Tabuletiyo sinapangidwe kuti izitulutsa chithunzi, ndipo panalibe paliponse pamene zimenezi zinalembedwa m'chinenero chimene mphunzitsi wa sayansi angamve. Adaputayo ili m'kabati mpaka lero.

Zingwe nazo zili ndi vuto lomwelo. Chingwe china chimangonyamula moto ndi mafayilo pa liwiro lotsika, china chimanyamulanso chithunzi, china chimalekeza pa mawati 60, ndipo chofuna kupitirira pamenepo chiyenera kukhala ndi kachipangizo kakang'ono m'mutu mwake kouza tchaja mphamvu imene chingapirire. Zonsezi m'manja zimaoneka chimodzimodzi. M'zaka za 2015 ndi 2016 injiniya wa ku Google, Benson Leung, anatchuka chifukwa chogula zingwe za USB-C pa Amazon n'kumaziyesa chimodzichimodzi, ndipo anapeza zambiri zosatsata miyezo, mpaka china cholumikizidwa molakwika chinamuwotchera laputopu yake. Ngati zimenezi zinachitikira katswiri wokhala ndi zida zoyezera, nanga munthu wogula chingwe pa benchi ya mumsika, pomwe zingwe zimapachikidwa m'mitolo popanda ngakhale pepala, angadziteteze bwanji? Ndikanakonda kuti mphamvu imene atolankhani a zaukadaulo amathera pa kulosera kabowo katsopano aithere pa kukakamiza makampani kulemba pa katoni, ndi manambala akuluakulu, liwiro la kabowo, mawati ake, ndiponso ngati kamatulutsa chithunzi kapena ayi.

Pali mphekesera imodzi imene ndimaiopa kuposa zonse, ndiyo ya tabuleti yopanda kabowo. Lamulo la ku Ulaya limakhudza zipangizo zimene zimatchajidwa ndi chingwe, choncho kampani imene ingachotseretu kabowo siliphwanya, ndipo mpata umenewu makampani akuudziwa. Kwa munthu wa ku California wokhala ndi magetsi osazima ndi intaneti yopanda malire, kutaya kabowo kungakhale kusintha kochepa. Kwa anthu ambiri a dziko lapansi kungakhale kulandidwa chipangizo. Kutchaja popanda chingwe kumataya gawo la mphamvu ngati kutentha, ndipo batire ya tabuleti ndi yaikulu kuwirikiza kangapo kuposa ya foni. Amene amatchajira pa sola yaing'ono kapena pa power bank magetsi atazima sangakwanitse kutaya mphamvu choncho. Kusamutsa mafayilo popanda fulashi kumatanthauza kudalira Wi-Fi kapena bandulo, pamene fulashi imanyamula mabuku a chaka chonse popanda kulipira tambala. Komanso tabuleti ikakana kuyaka chifukwa pulogalamu yake yasokonekera, njira imene mmisiri amaidzutsira ndi chingwe cholumikiza ku kompyuta. Kuno kwathu nkhaniyi si yakutali: kalembera wa anthu wa mu 2018 anachitika ndi matabuleti, ndipo ndondomeko ya BEFIT ikuika matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu za pulayimale kuti ana aziphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Zipangizo zoterezi zimatchajidwa zambirimbiri nthawi imodzi, madzulo aliwonse, ndipo moyo wake wonse uli pa kabowo kamodzi kaja.

Mphekesera ya timaginito ndiyonso yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa ndi khomo lakumbuyo limene timabowo ta kampani imodzi tikubwererera. Apple inayambitsa Smart Connector, timadontho titatu tachitsulo tolumikizira kiyibodi, pa iPad Pro ya mu 2015, ndipo mu 2018 inatisamutsa kuchoka m'mbali kupita kumbuyo, kotero kuti kiyibodi yakale sinagwirenso pa tabuleti yatsopano. Samsung ndi Microsoft alinso ndi tawo, tosagwirizana ndi ta wina aliyense. Palibe lamulo limene limakhudza timaginito timeneti, ndipo kiyibodi ndi yokwera mtengo kwambiri kuposa chingwe. Pamene wolemba akusangalala kuti tabuleti ikubwera idzakhala ndi cholumikizira chamaginito chatsopano, wowerenga adzifunse ngati kiyibodi imene ali nayo ipulumuke.

Ndikamafuna kudziwa zoona za kabowo sindipita kwa olosera, ndimapita kwa mmisiri amene amandikonzera zipangizo mumsika wa m'tauni mwathu. Pa benchi yake pali galasi lokulitsa, chowotcherera, ndi kabotolo kodzaza timabowo takufa timene wachotsa m'mafoni ndi matabuleti. Munthu akabwera n'kunena kuti tabuleti yasiya kulowa moto, iye amayamba watenga kasingano n'kutokosa m'kabowomo, ndipo nthawi zambiri mumatuluka kampira ka fumbi ndi ulusi wa m'chikwama kamene kamaletsa chingwe kufika pansi. Akatero salipiritsa zambiri. Kabowo kakakhala kuti kathyokadi, zonse zimadalira mmene tabuletiyo inapangidwira. Pa ina kabowo kamakhala pa kabolodi kakekake komangidwa ndi tizomangira tiwiri, ndipo amakasintha mu theka la ola. Pa ina kanawotchereredwa pa bolodi yaikulu, pansi pa sikirini yomatidwa ndi guluu, kotero kuti ayenera kutenthetsa galasi, kulitukula mosamala kuti lisasweke, kenaka n'kulumikiza timapini tating'onoting'ono pansi pa galasi lokulitsa. Ntchito yoteroyo mtengo wake umafika poti mwini tabuleti amangoinyamula kubwerera nayo kunyumba. Miyezo ya USB-C imati kabowo kapirire kulowetsa ndi kutulutsa ka 10,000, koma chiwerengero chimenecho chimayesedwa ndi makina olowetsa chingwe mowongoka, osati ndi mwana amene akuwonera katuni tabuleti ili pa tchaja, chingwe chitapindika pamimba pake.

N'chifukwa chake pa mphekesera zonse imene ndikanafuna itakhala yoona ndi yakale ija ya mu 2010, ya timabowo tiwiri, malinga tonse tikhale ta USB-C. Kuyambira pamene iPad Pro ya mu 2018 ndi Galaxy Tab S5e ya mu 2019 zinachotsa polowetsa mahedifoni, pa matabuleti otere kabowo kamodzi kakhala kakusenza ntchito zonse: tchaja, mahedifoni, fulashi, kiyibodi ndi pulojekita. Munthu sangatchaje akumvetsera ndi mahedifoni a chingwe, sangakopere mafayilo batire ikutha, pokhapokha atagula kabokosi kena kogawa, ndipo kabowo kamodziko kakafa tabuleti yonse yafa ngakhale sikirini ndi batire zili bwinobwino. Makampani akudziwa kuti kufunikako kulipo. Microsoft inaika timabowo tiwiri pa Surface Pro 8 mu 2021, Lenovo inaika tiwiri pa Legion Y700 ya mu 2023, kena pansi kena m'mbali, ndipo Apple yeniyeniyo inaika kabowo kachiwiri kotchajira, koma inakaika pa Magic Keyboard ya mu 2020 imene inkayambira pa madola 299. Ena adzanena kuti zimenezi zinayesedwa kale ndipo ogula anazikana, potchula Toshiba Thrive ya mu 2011, imene inali ndi USB yaikulu, HDMI ndi polowetsa SD koma inali yonenepa ndi yolemera. Koma timabowo ta nthawi imeneyo tinali tikulutikulu, pamene ka USB-C n'kopyapyala moti kamakwanira pa iPad Pro ya mu 2024 yomwe kuchindikala kwake ndi mamilimita 5.1 okha. Malo a kabowo kachiwiri alipo pa tabuleti iliyonse ya mainchesi 11, ndipo mtengo wa kachitsuloko ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa chipangizo chonse.

Mwezi watha ndinapeza mmisiri uja ali ndi matabuleti atatu pa shelefu, onse oyaka bwino mpaka tsiku limene batire inatha, onse odikira eni ake amene anamva mtengo wosinthira kabowo n'kunena kuti abweranso. Imodzi yakhala pamenepo kuyambira chaka chatha, ndipo pa chovindikira chake pakadali kapepala ka dzina la mwana ndi kalasi yake.